Mawu akudukaduka kapena kuchedwa pa laputopu? Yambani mwafufuza driver wa Wi-Fi

Vuto ili limasowetsa mtendere ojambula nyimbo, ma DJ, oimba kiyibodi kudzera pa laputopu, ngakhalenso anthu ongofuna kumvera nyimbo basi. Nyimbo ikuyenda bwinobwino kenako mwadzidzidzi kaphokoso kothetheka, kapena mawu aduka kwa kamphindi n'kubwereranso ngati palibe chachitika. Mukatsegula Task Manager mupeza kuti CPU sikutopa n'komwe, RAM ilipo yambiri, ndiye munthu umayamba kukayikira sound card, zingwe, mahedifoni, ena mpaka kukagula interface ina yatsopano (kabokosi kolumikizira maiki ndi zoimbira ku kompyuta) koma vuto osatha. Nthawi zambiri wolakwa amakhala kakhadi ka Wi-Fi kali m'kati mwa laputopumo, makamaka driver wake, kapulogalamu komwe kamalola Windows kuyendetsa khadilo.

Tiyambe tasiyanitsa kaye zinthu ziwiri zomwe zimasokonezedwa. Pali kuchedwa kwenikweni, mwadina kiyi pa kiyibodi ya MIDI koma noti ikumveka mochedwa, kapena mukuimba pa maiki ndiye mawu anu akukufikani m'makutu atatsalira m'mbuyo moti kuimba sikukuyenda. Ndiye pali kudukaduka ndi kuthetheka kuja. Driver wa Wi-Fi payekha sachedwetsa mawu ayi, iye amabweretsa chachiwirichi. Koma zimakathera kumodzi, chifukwa mukatopa ndi kuthetheka mumakweza buffer (kagulu ka mawu komwe kompyuta imatumiza pa nthawi imodzi), kuthetheka n'kusiyadi, koma tsopano mawu ayamba kuchedwa. Ndiye ngati buffer yanu ili pa 1024 chifukwa chakuti pansi pake sizitheka, nkhaniyi ikukukhudzani ngakhale panopa simukumva kuthetheka kulikonse.

Kamodzi kokha ndinene za mahedifoni a Bluetooth kuti tisataye nthawi. Amenewo amachedwa mwa chibadwa chawo, mawu amayenera kupanikizidwa kaye, kutumizidwa, n'kukamasulidwa uko, ndipo kuchedwa kwake kawirikawiri kumaposa mamilisekondi 100. Palibe driver wa Wi-Fi amene mungasinthe kuti zimenezo zithe. Kujambula kapena kuimba, gwiritsani ntchito a chingwe.

Zomwe zikuchitika m'katimo

Kompyuta situmiza mawu ku sound card kamodzi ndi kamodzi mosalekeza, imatumiza m'timagulu. Kagulu kalikonse ndiye buffer ija, ndipo kukula kwake kumawerengedwa ndi ma sample, tizidutswa tating'onoting'ono ta mawu. Masamu ake ndi osavuta. Ngati mukugwira ntchito pa 48000 Hz ndiye kuti pa sekondi imodzi pamadutsa ma sample 48000, choncho buffer ya 128 imatha m'mamilisekondi pafupifupi 2.7, ya 256 imatha mu 5.3, ya 512 mu 10.7, ya 1024 mu 21.3. Ndipo imeneyo ndi mbali imodzi yokha, mawu olowa pa maiki n'kutulukira m'mahedifoni amadutsa buffer kawiri kuphatikizanso kanthawi ka ma converter.

Ganizirani chidebe chobooka pansi chomwe madzi ake sayenera kusiya kudontha. Wina akuthira ndi kapu, ndipo ayenera kuthira kapu ina yoyambayo isanathe. Wothirayo akagwidwa dzanja ngakhale pang'ono chabe, chidebe chikuuma, ndipo kuuma kumeneko ndi kaphokoso mukumva kaja. Chidebe chachikulu chimapirira kugwidwa dzanja kwa nthawi yotalikirapo, koma madzi amene mwathira panopa amatenga nthawi kuti atuluke.

Wogwira dzanjayo pa Windows ndi chinthu chotchedwa DPC. Chipangizo chilichonse, kaya khadi la Wi-Fi, kaya la zithunzi, kaya USB, chikafuna kuti CPU ichithandize chimaidukiza ndi interrupt. Driver amayankha mwachangu ndi kantchito kakafupi kotchedwa ISR, ntchito yotsalayo n'kuiika pa mzere ngati DPC. Nkhani ili apa ndi yoti ISR ndi DPC zimakhala pamwamba pa mapulogalamu onse, kuphatikiza DAW yanu (pulogalamu yojambulira nyimbo), ngakhale mutaipatsa priority yapamwamba bwanji mu Task Manager. DPC ikayamba pa core ina yake (chimodzi mwa zigawo zogwira ntchito za CPU), pulogalamu iliyonse yomwe inali pa core imeneyo imadikira mpaka ithe. Microsoft imalangiza olemba ma driver kuti DPC isamapitirire mamaikurosekondi 100 (gawo limodzi mwa magawo khumi a milisekondi) ndipo ISR isamapitirire 25, koma ndi langizo chabe, palibe amawakakamiza. Driver wolembedwa mosasamala akhoza kugwira core kwa mamilisekondi 3, 5 kapena kuposa, ndiye yerekezani ndi 2.7 ija ya buffer ya 128. Ndi chifukwa chake CPU imaoneka yopuma koma mawu akuduka, vuto si kuchuluka kwa ntchito koma kuti wina anatseka njira pa nthawi yolakwika.

Nanga bwanji Wi-Fi makamaka? Chifukwa khadi limenelo silikhala phee. Limalandira mapaketi, limatumizanso amene sanafike, limagona n'kudzuka pofuna kusunga batire, ndiponso nthawi ndi nthawi limasiya kaye tchanelo chomwe lili n'kumayendayenda m'matchanelo ena kusaka ma netiweki ena ngakhale kuti mwalumikizidwa kale. Chilichonse mwa zimenezi chimadzutsa driver.

Kuyesa koyamba, musanasinthe kanthu

Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, amawerenga malangizo makumi awiri n'kuwachita onse tsiku limodzi, kenako osadziwa kuti chathandiza ndi chiti kapena chaononga ndi chiti. Yambani mwatsimikiza kuti ndi Wi-Fi-di.

Lumikizani chaja kaye, chifukwa laputopu ikakhala pa batire imasintha khalidwe ndipo zotsatira zimasokonekera. Tsegulani project kapena nyimbo yomwe imakonda kuthetheka, tsitsani buffer kufika pomwe vuto limamveka msanga, 128 kapena 64, muisiye iyende kwa mphindi zingapo mukumvetsera. Mvetseraninso kuti kuthethekako kukubwera liti. Kukamabwera motsatana pa nthawi yofanana, mwina kamodzi pa miniti iliyonse, kumeneko ndi kusaka ma netiweki kuja pafupifupi mosakayikitsa. Kukamabwera pomwe mukutsegula tsamba pa intaneti kapena pomwe china chake chikudawunilodedwa, ndi driver akulephera kunyamula katundu mofulumira. Kukamabwera mukangozula chaja, ndi nkhani ya kusunga moto.

Kenako dinani kiyi ya Windows pamodzi ndi R, lembani devmgmt.msc, mu Device Manager tsegulani Network adapters, pezani khadi la Wi-Fi, dzina lake limakhala ndi mawu ngati Wireless, Wi-Fi, WLAN kapena 802.11, dinani kumanja musankhe Disable device. Osati Uninstall, Disable basi. Ndipo musakhutire ndi Airplane mode, imeneyo imazimitsa wailesi ya khadilo koma driver amakhalabe ali m'kati, pomwe Disable imamuchotseratu pa ntchito. Yimbaninso nyimbo yomwe ija kwa nthawi yofanana. Ngati kwakhala zii, mwamupeza. Ngati kuthetheka kulipobe chimodzimodzi, Wi-Fi yanu ilibe mlandu ndipo mutha kulumphira kumapeto kwa nkhaniyi komwe ndatchula ena okayikitsa.

Pomwepo yesaninso Bluetooth payokha. Pa malaputopu ambiri Wi-Fi ndi Bluetooth zili pa khadi limodzi ndipo zimagawana ma antenna, koma mu Device Manager zimaoneka ngati zipangizo ziwiri ndipo chilichonse chili ndi driver wake. Kuzimitsa chimodzi sikuzimitsa chinzake.

LatencyMon

Makutu amanama nthawi zina, ndiye ndi bwino kukhala ndi manambala. Pulogalamu yomwe aliyense amagwiritsa ntchito ndi LatencyMon ya kampani ya Resplendence, ndipo ya Home Edition ndi yaulere. Mukamva wina akutchula DPC Latency Checker ya Thesycon, ija ya timizere tobiriwira ndi tofiira, ndi yakale, kuyambira Windows 8 manambala ake si olondola, isiyeni.

Tsegulani LatencyMon, dinani batani lobiriwira loyambitsira, muisiye kwa mphindi 10 kapena 15 Wi-Fi ili yoyaka ndipo inu mukuchita zomwe mumachita masiku onse. Masekondi 30 sakwanira, mukhoza kuphonya nthawi yosaka ija n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Patsamba loyamba imakuuzani ndi mawu ngati kompyuta yanu ikuoneka yoyenera ntchito ya mawu kapena ayi, koma uthenga umenewo musaudalire kwambiri, umakonda kuopseza ndipo umatchula zinthu zambirimbiri nthawi imodzi. Pitani pa tab ya Drivers, musanje mndandandawo potengera Highest execution, muone amene ali pamwamba ndi nambala yake. Samalani, patsamba loyamba manambala ali m'mamaikurosekondi pomwe pa Drivers ali m'mamilisekondi, 1000 ya patsamba loyamba ndi 1 ya pa Drivers. Ine ndimati chilichonse chosafika theka la milisekondi sichindidetsa nkhawa, chikamafika pa 1 ndimayamba kuchiyang'anitsitsa, chikadutsa 2 ndiye buffer ya 128 iwalani.

Dzina lomwe mudzalione kawirikawiri ndi ndis.sys, nthawi zina limodzi ndi tcpip.sys. Chonde musapite kukasaka ndis.sys yatsopano pa intaneti kapena kuyesa kuifufuta, ndi mbali ya Windows yeniyeniyo, ma driver onse a netiweki amadutsira mwa iyo ndiye nthawi yomwe iwo adya imalembedwa pa dzina lake. Mukaiona pamwamba ingodziwani kuti vuto lili ku netiweki, kaya Wi-Fi, kaya Ethernet, kaya VPN. Nthawi zina driver mwini wake amaonekera ndi dzina lake, a Intel amayamba ndi Netwtw monga Netwtw08.sys kapena Netwtw10.sys, a Realtek amayamba ndi rtwlan, a Broadcom ndi bcmwl, a Atheros akale ndi athw. Wdf01000.sys nayenso ndi wonyamulira ena milandu, ma driver ambiri a USB ndi zipangizo zina amadutsira mwa iye.

Mukatha, chitani Disable khadi la Wi-Fi lija, yambitsaninso LatencyMon kwa nthawi yofanana, yerekezani. Manambala awiriwo alembeni penapake, ndi amene muziyezera chilichonse chomwe musinthe kuchokera pano.

Kuletsa kusaka ma netiweki

Windows ili ndi service yotchedwa WLAN AutoConfig, ndi yomwe imayang'anira zolumikiza Wi-Fi ndiponso imatuma khadi kukasaka ma netiweki. Mukufuna kuona ndi maso kuti ikuchita zimenezo? Tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig muone nambala ya Default Gateway, imeneyo ndi rauta yanu, kenako lembani ping -t n'kutsatiza nambalayo. Mudzaona mayankho a mamilisekondi ochepa akutsatizana, kenako limodzi kapena awiri akwera kwambiri, n'kubwereranso pansi. Ngati kukwera kumeneko kukugwirizana ndi nthawi yomwe mawu akuthetheka, palibenso chokambirana.

Kuti muiletse, lumikizani kaye ku Wi-Fi yanu, tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe:

netsh wlan set autoconfig enabled=no interface="Wi-Fi"

Dzina lili m'kati mwa zizindikirozo liyenera kufanana ndendende ndi dzina la adaputa yanu, ngati simukulidziwa lembani netsh wlan show interfaces muone pa Name. Pa Windows 11 yatsopano lamulo limeneli likhoza kukana mpaka mutayatsa Location, musadabwe. Mukaletsa chonchi intaneti imapitiriza kugwira ntchito pa netiweki yomwe mwalumikizayo, koma laputopu siionanso ma netiweki ena ndipo ikaduka siidzilumikizanso yokha, ngakhale mutaizimitsa n'kuiyatsa zimakhalabe choncho. Ambiri amaiwala, mawa lake n'kumaganiza kuti Wi-Fi yafa. Kubwezera ndi lamulo lomwelo kungosintha no kukhala yes.

Amene muli ndi khadi la Intel muli ndi njira yofewa. Mu Device Manager dinani kawiri pa khadilo, pitani pa tab ya Advanced. Pa ma driver ambiri pali Global BG scan blocking, yomwe mungaiike pa On Good RSSI kuti lisamasake pomwe siginolo ili bwino, kapena pa Always. Palinso Roaming Aggressiveness, imabwera ili pa Medium, itsitseni ifike pa Lowest. Imeneyi imauza khadi kuti lizifunitsitsa bwanji kusamukira ku access point (chipangizo choulutsa Wi-Fi) ina yamphamvu, ndiye ngati muli ndi rauta imodzi yokha palibe kosamukira, kusakako ndi kungotaya nthawi. Makhadi a makampani ena ali ndi zofanana nazo pa maina ena monga Roaming Sensitivity. Ngati mumayenda ndi laputopu m'nyumba yaikulu ya ma access point ambiri, dziwani kuti pa Lowest idzakakamira siginolo yofooka nthawi yaitali.

Location ya Windows nayo imagwiritsa ntchito ma netiweki a Wi-Fi oyandikana nanu pofuna kudziwa komwe muli, kutanthauza kuti pulogalamu ikafunsa malo khadi limatumidwa kukasaka. Pa laputopu ya nyimbo ine ndimaizimitsa.

Zosunga moto

Khadi lomwe likungogona n'kudzuka limavutitsa kuposa lomwe lili maso nthawi zonse. Pali malo angapo oti mugwire. Pa Properties pomwe paja, ngati pali tab ya Power Management, chotsani chizindikiro pa Allow the computer to turn off this device to save power. Pa malaputopu ambiri atsopano a Modern Standby tab imeneyi kulibe, musataye nthawi kuisaka. Pa Advanced, a Intel ali ndi MIMO Power Save Mode, ikani pa No SMPS, ndipo ngati pali U-APSD support ikhale Disabled.

Kenako Windows ndi R, lembani powercfg.cpl, dinani Change plan settings kenako Change advanced power settings. Pansi pa Wireless Adapter Settings pali Power Saving Mode, ikani pa Maximum Performance, pa chaja ndi pa batire pomwe ngati mumaimba opanda chaja. Pansi pa PCI Express pali Link State Power Management, ikani Off, chifukwa makhadi ambiri a Wi-Fi amalumikizidwa kudzera pa PCI Express ndipo njira imeneyo nayo imagonekedwa. Muli momwemo zimitsaninso USB selective suspend, si ya Wi-Fi koma imavutitsa ma interface a USB. Malaputopu ena amabisa zina mwa zimenezi, gwirani zomwe zikuoneka. Batire lizitha msangako pang'ono, ndiwo mtengo wake.

Mukasintha chimodzi, LatencyMon, mphindi 10, yerekezani ndi manambala aja. Zimatopetsa inde koma ndi njira yokhayo yodziwira.

Driver mwini wake

Tsopano pa nkhani ya driver anthu amangoti update, update, ngati kuti watsopano nthawi zonse ndi wabwino. Si choncho. Funso loyamba ndi lakuti, kodi vutoli linayamba liti? Ngati laputopu inkagwira bwino kenako inangoyamba tsiku lina, mwina Windows Update inasintha driver usiku inu osadziwa. Pitani pa tab ya Driver muone Driver Date ndi Driver Version, muzilembe, ndipo ngati batani la Roll Back Driver likudinika lidineni, mubwerera ku wakale uja. Mu Settings, pa Windows Update, Update history ili ndi gawo la Driver updates lomwe limasonyeza tsiku lomwe aliyense analowa.

Ngati vuto linalipo kuyambira kale, muli ndi ma driver a mitundu itatu oti muyese: wa pa tsamba la kampani yomwe inapanga laputopu, wa pa tsamba la kampani yomwe inapanga khadi monga Intel, ndi amene Windows imaika yokha. Manambala awo amasiyana ndipo khalidwe lawo limasiyananso. Palibe lamulo loti uyu ndiye wabwino, pa laputopu ina wa kampani ya laputopu ngakhale ndi wakale amakhala wodekha chifukwa anayesedwa ndi BIOS yake (pulogalamu ya pa bodi yomwe imayambitsa laputopu), pa ina watsopano wa Intel ndi amene anakonza vutolo. Dawunilodani onse kaye musanachotse kalikonse, chifukwa mukachotsa driver wa Wi-Fi mulibenso intaneti yokatengera wina. Kenako Uninstall device, chongani kabokosi kochotseratu driver, yambitsaninso laputopu, ikani amene mukufuna kuyesa. Mapulogalamu aja olonjeza kukonza ma driver onse ndi batani limodzi, atalikireni, amaika zinthu zosadziwika komwe zachokera.

Njira ina yomwe ambiri saidziwa: Update driver, kenako Browse my computer for drivers, kenako Let me pick from a list. Pamenepo pamaoneka ma driver onse a khadilo omwe adakali m'kompyutamo, mutha kusinthasintha popanda kudawuniloda kanthu.

Mukapeza wabwino, vuto lotsatira ndi kumuteteza kuti Windows Update isamuchotse. Pa Windows Pro tsegulani gpedit.msc, m'gawo la Windows Update muli lamulo lotchedwa Do not include drivers with Windows Updates, liyatseni. Pa Home mulibe gpedit, ndiye sungani fayilo ya driver wabwinoyo pamalo odziwika, akasinthidwa mungochita Roll Back kapena kumuikanso.

Zomata pa netiweki

Nthawi zina khadi ndi driver wake alibe vuto, koma pali ena amene adziphatika pa njira ya netiweki ndipo nthawi yawo ikulembedwa pa ndis.sys. VPN, antivirus yomwe ili ndi firewall yake, VirtualBox kapena VMware, Npcap yomwe imabwera ndi Wireshark, onsewa amaika ma driver awo osefa mapaketi. Windows ndi R, lembani ncpa.cpl, dinani kumanja pa Wi-Fi, Properties, muona mndandanda wa timabokosi. Zomwe zili ndi dzina la pulogalamu yomwe munaika nokha mutha kuzichotsa chizindikiro kwa kanthawi n'kuyesa, koma Internet Protocol Version 4 musaikhudze. Antivirus zina sizionekera pamenepo, ndipo kungozipumitsa sikuchotsa driver wake, kuyesa koona ndi kuichotseratu n'kutsala ndi Windows Security kwa tsiku limodzi.

Makhadi a Killer ndi nkhani yofanana. Ambiri mwa atsopano ndi a Intel m'kati mwake, Killer AX1650 mwachitsanzo ndi AX200 kapena AX201, ndipo Intel inagula kampani yake, Rivet Networks, mu 2020. Chosiyana ndi pulogalamu yomwe imabwera nawo yosanja kuti paketi iti idutse kaye. Pa masewera mwina imathandiza, pa mawu ndi katundu wongoonjezera, yesani kuichotsa mutsale ndi driver yekha.

Siginolo ndi band

Siginolo ikafooka khadi limagwira ntchito yambiri, kubwereza mapaketi ndi kusaka kwina kosamukira. Kungoyandikira rauta nthawi zina kumachepetsa vuto. Ndipo ngati rauta yanu ili ndi 5 GHz gwiritsani imeneyo, pa Advanced ikani Preferred Band pa 5 GHz. Bluetooth imagwira ntchito pa 2.4 GHz, ndiye Wi-Fi ikakhalanso pomwepo pa khadi limodzi ziwirizi zimachita kusinthana nthawi yolankhula.

Zikakanika zonsezi

Pali makhadi ena omwe driver wake ndi woipa basi, ndipo wopanga anasiya kalekale kumukonza. Osalimbana nawo mpaka kalekale. Chingwe cha Ethernet ndiye yankho lachangu, Wi-Fi ili Disabled, ndipo ngati laputopu ilibe polowetsa pali ma adaputa a USB, koma muyese ndi LatencyMon chifukwa nawo ali ndi ma driver awo ndipo si onse abwino. Ngati n'kotheka musaiike pa hub imodzi ndi interface ya mawu. Kutenga intaneti pa foni kudzera pa chingwe cha USB ndi njira inanso, driver wake ndi wina. Pa malaputopu ambiri khadi la Wi-Fi ndi kachidutswa ka M.2 komangidwa ndi sikuluwu imodzi ndi timawaya tiwiri ta antenna, kamasinthika, ndipo ambiri amaika Intel AX200 kapena AX210. Onetsetsani kaye kuti lanu si lowotchereredwa pa bodi, komanso musasokoneze ndi AX201 kapena AX211 omwe amagwira pa ma bodi ena a Intel okha. Malaputopu ena akale BIOS yake imakana makhadi achilendo.

Ngati munazimitsa Wi-Fi koma kuthetheka osasiya, bwererani ku tab ya Drivers ija. ACPI.sys ndi za batire, kutentha ndi BIOS, yesani update ya BIOS kapena kuchita Disable kwa kanthawi Microsoft ACPI-Compliant Control Method Battery pansi pa Batteries, kachizindikiro ka batire kamasowa koma kamabwerera mukayatsanso. nvlddmkm.sys ndi driver wa NVIDIA, dxgkrnl.sys ndi za zithunzi, storport.sys ndi disiki. Ndipo onetsetsani kuti DAW yanu ikugwiritsa ntchito driver wa ASIO (mtundu wa driver wa mawu wosachedwa) wa interface yanu osati MME kapena DirectSound, amenewo amachedwa okha popanda wowathandiza.

A Linux, kuthetheka kumeneku mapulogalamu oyendetsa mawu a JACK ndi PipeWire amakutcha xrun, ndipo poyambira ndi iw dev wlan0 set power_save off, musinthe wlan0 ndi dzina la khadi lanu. Pa Mac nkhani ya DPC kulibe, koma kuzimitsa Wi-Fi ndi Bluetooth poimba ndi nzeru yomweyo.

Kwa amene mumaimba pamaso pa anthu kapena kujambula munthu amene sangabwereze kawiri, ine maganizo anga ndi akuti ngakhale mutakonza zonsezi, Wi-Fi izikhala yozimitsa pa nthawiyo. Driver amene wakhala bwino mwezi wonse akhoza kudumpha kamodzi kokha, pakati pa nyimbo. Kuti musamavutike ndi Device Manager nthawi zonse, pangani mafayilo awiri mu Notepad, muwasunge ndi dzina lothera ndi .bat, ina ikhale ndi mzere uwu:

netsh interface set interface name="Wi-Fi" admin=disabled

inayo chimodzimodzi koma kumapeto admin=enabled. Muziwatsegula ndi Run as administrator. Mapulagini ena ndi ma DAW ena amafuna intaneti kuti atsimikize laisensi, ndiye tsegulani project kaye, muone kuti zonse zalowa, kenako muzimitse. Mukatero tsitsani buffer pang'onopang'ono, 512, 256, 128, paliponse muziimba gawo lolemera kwambiri la project kwa mphindi zingapo, ndipo pomwe payambire kuthetheka mubwerere sitepe imodzi m'mbuyo n'kukhazikika pamenepo.